Musananyamuke, galu wanu mwamusiya bwanji?

Ambirife kuno ku Mchinji timangodzuka n'kuwoloka pa Mwami kukaoda katundu ku Chipata, kapena kuthamangira maliro ku Mkanda. Makiyi timasiyira mphwathu kapena aneba, za galu n'kungoti "muzimuonako". Pobwera, Bobi waonda, mwinanso waluma mwana wa eni, nkhani ili kwa amfumu.

Choyamba, galu amuzolowere munthuyo inu mulipo. Abwere masiku awiri kapena atatu, azimupatsa yekha chakudya. Apo ayi, sadzadutsa pageti.

Chachiwiri ndi katemera wa chiwewe. Ngati papita chaka, kaonaneni ndi alangizi a ziweto ulendo usanafike. Wosamalirayo mumuuziretu kuti galu akaluma munthu, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro za chiwewe zikangoyamba kuoneka, basi, sichichizika.

Siyani mgaiwa, bonya ndi makala okwanira, ndipo nenani kuti amadya kangati patsiku. Madzi asamathe m'mbale, makamaka dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo. Mankhwala a makoswe ndi akumunda muwatsekere, mpanda pomwe pagumuka mukonze.

Lowetsaninso mayunitsi a ESCOM, mumulembere nambala ya mita. Mukawoloka malire foni imatha kusapezeka, ndiye mupatseni nambala ya WhatsApp ndi ya wachibale ali pafupi.

Pomaliza, kangachepe ka pa Mpamba kapena Airtel Money musaiwale. Galuyo si wake, akungokuthandizani.