Kulimbika Mtima pa Masiku Ofanana

Caka ca mlimi ciri ndi masiku awiri okondweretsa. Loyamba ndilo tsiku lobzala, pamene mvula yagwa mu Novembala kapena Disembala, nthaka irinkununkhira, ndipo mudzi wonse uthamangira ku minda ndi mbeu. Laciwiri ndilo tsiku lotuta cimanga kunka naco ku nkhokwe. Koma pakati pa masiku awiriwa pali miyezi inai kapena isanu ya masiku ofanana, ndipo m'miyezi imeneyi ndimo mudziwika ngati banja lidzadya caka conse kapena lidzagona ndi njala.

Nchito yaikulu ya nyengo imeneyi ndiyo kupalira. Cimanga cacing'ono sicikhoza kulimbana ndi udzu, pakuti udzu umera msanga nulanda madzi, cakudya ca m'nthaka ndi kuwala kwa dzuwa. Cifukwa cace alangizi a zaulimi amati munda upaliridwe koyamba pasanathe milungu itatu cimerere mbeu, ndipo kaciwiri, pamodzi ndi kubandira, cimanga cikafika m'maondo. Cimene citayika pa milungu isanu ndi umodzi yoyambayi sicibweranso, ngakhale mlimi adzalimbike motani pambuyo pace.

Nanga mtima ufookeranji pa nthawi yofunika cotere? Zifukwa ziripo zitatu. Coyamba, mphotho iri kutali: wopalira mu Disembala adzakolola mu Epulo kapena Meyi. Caciwiri, nchitoyi sioneka kutha, pakuti udzu wopaliridwa lero uphukanso mvula ikagwa. Cacitatu, mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, ndipo anthu asiya minda yao nakagwira ganyu m'minda ya ena. Munthu wofooka pa zifukwa izi asayesedwe waulesi. Cimene asowa ndico njira yogwirira nchito pa tsiku limene mtima suli kufuna.

Njira zotere makolo anazidziwa kale. Yoyamba ndiyo ndime. Munda wa ekala imodzi uopsa poupenya wonse, koma mizere khumi siopsa munthu. Mlimi wanzeru adziikira malire m'mawa, ndipo akafika pa malirepo aweruka ndi mtima wokondwa, cifukwa watsiriza kanthu tsiku lomwelo. Mphotho ija yakutali waiduladula, nailandira pang'ono tsiku liri lonse. Ndi cimene akulu anenera kuti tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Yaciwiri ndiyo dima. Mwini munda aphika thobwa kapena mowa, naitana anansi kudzalima pamodzi, ndipo tsiku lina iyenso apita kukathandiza mnzace. Makasu ambiri atha munda msanga, komatu phindu lina liri m'mtima: munthu ali pa mzere ndi anzace sakhala pansi wamba, ndipo nthabwala zifupikitsa tsiku.

Yacitatu ndiyo nthawi yosasinthika. Wolawira ku munda mbandakuca tsiku ndi tsiku sadzifunsanso ngati afuna kupita. Miyendo yace idziwa njira. Agwira nchito kusanatenthe, napumula dzuwa liri pamutu, ndipo mawa adzuka ndi mphamvu. Koma wolinda kuti mtima uyambe wafuna adzapita masiku awiri, nakhala masiku atatu, ndipo udzu sulinda iye.

Ngakhale nchito za ophunzira kwambiri ziyenda comweco. Pa munda woyesera mbeu wa ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, Harry Arnold anayamba m'caka ca 1932 kusankha mitundu ya cimanga, ndipo pambuyo pace Alan Rattray anapitiriza nchitoyo. Caka ndi caka anchito a pa mundawo anali kuphimba ngayaye ndi ndevu za cimanga ndi timatumba ta mapepala, kuthira mungu ndi manja, kulemba zonse m'buku, ndi kutaya mitundu yosakhoza bwino. Caka cimodzi sicinali kusiyana ndi cinzace. Mbeu yao yodziwika koposa, SR52, inatuluka m'caka ca 1960, zitapita zaka 28, ndipo inabzalidwa kwambiri m'maiko amene lero ndi Zimbabwe ndi Zambia. Anthu akumbukira caka ca 1960, koma mbeuyo inapangidwa m'zaka zija zosakumbukika.

Mau awa sali a alimi okha. Wogwira nchito pa mgodi ku Kitwe, wosoka zobvala ku Bulawayo, mphunzitsi wa ku Zomba amene abwereza phunziro lomwelo kwa ana atsopano, ndi mai wotunga madzi ndi kuphika nsima tsiku liri lonse, onsewa ali ndi nyengo yao yopalira. Ali yense wa iwo akhoza kudziikira ndime: mwana wa sukulu masamba asanu a buku madzulo ali onse, wosunga ndalama kagawo kamodzi pa malipiro ali onse. Akhozanso kupeza mnzace woyenda naye, ndi kusunga nthawi imodzi yoyambira. Ndipo tsiku limene ndime yalephereka, cifukwa ca matenda, maliro kapena mvula yamvumbi, asayese kuti nchito yonse yaonongeka. Mawa atenge khasu, nayambire pa mzere umene analekezera.