Tinamudula lilime, pomwe vuto linali m'khutu

Abale anzanga a pamsika, nkhani iyi ndikulemba ndi manyazi, chifukwa ndalama yogulira lezala inatuluka m'thumba mwanga.

Mchemwali wanga amagulitsa nanazi pa Chitakale, pamphambano paja msewu wa ku Likhubula umapatukira. Mwana wake wachitatu, wamwamuna, anafika zaka ziwiri ndi theka osatchula liwu lomveka ndi limodzi lomwe. Akafuna madzi ankangoloza ndowa n'kumati "aa, aa." Kuthamanga ankathamanga, nsima ankadya mosanyengerera. Pakamwa pokha, zii!

Mukudziwa inu kuti pamsika sipasowa dokotala. Amayi a tomato anati mwanayu amulodza anzake a geni. Abambo okonza njinga anati tikumusokoneza tokha, ati agogo ake akuti izi m'Chilomwe, amake akuti izo m'Chichewa, agwire ziti? Koma ambiri anagwirizana chimodzi: lilime ndi lomangika. Amayi athu anamuyasamulitsa, n'kutukula lilime ndi chala.

"Si aka kachingwe aka! Kamumanga mwanayu. Kadulidwe basi."

Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwinimbumba ndine. Alamu anga, poti ndi akamwini, anangoti, "Monga mwaonera, alamu." Ine ndinavomera. Loweruka m'mawa tinapita kwa mkulu wina wodziwika pa ntchito imeneyi, kuseri kwa minda ya tiyi. Sindimutchula dzina. Anagwira mwana akulu atatu, lezala inalowa kamodzi kokha.

Magazi aja sindidzaiwala. Nsanza inanyowa, chitenje cha amake chinanyowa. Mkulu uja anati tithire phulusa. Apa m'pamene nzeru zinandibwerera, ndinaitana wakabaza, ulendo wa kuchipatala.

Adokotala atatseka bala lija ndi kumubaya mwana jekeseni, sanandikalipire ayi. Anangoti, "Bambo, tayasamulani, mutukule lilime." Anandipatsa kagalasi. Abale, kachingwe kaja ndili nako! Amayi athu ali nako. Inunso amene mukuwerenga nyuzi ino muli nako, kayang'aneni pagalasi la njinga yamoto. Munthu aliyense amabadwa nako, ndi kachikopa kopyapyala kolumikiza lilime ndi pansi pa kamwa. M'mbali mwake mukuona mitsempha iwiri yobiriwirako? Imeneyo ndi ya magazi. Patsinde pake pali timabowo totulutsa malovu. Lezala ya m'manja onjenjemera sisankha. Ndiye taganizani: mwana wa zaka ziwiri magazi ake onse angodzadza mabotolo atatu a Fanta. Khanda longobadwa kumene botolo limodzi silidzadza. Nanga lezala ikakhala kuti yadula kale mwana wina? Kafumbata ndi kachilombo ka Edzi sizifunsa kuti cholinga chinali chabwino.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsafunsa za lilime, ndipo ndapeza kuti timalinamizira.

Anzathu a m'butchala akudziwa kuti lilime la ng'ombe lilibe fupa. Lathunso chimodzimodzi. Ndi mtolo wa minofu 8. Inayi ili m'kati mwenimweni, ntchito yake ndi kusintha maonekedwe: kulitalikitsa, kulifupikitsa, kulipinda ngati tsamba. Inayi inayo imalikoka kuchokera kunja, wina kunsagwada, wina ku kafupa kakang'ono ka pakhosi, ina kumtunda, kuti lizituluka, kubwerera, kukwera ndi kutsika. Koma minofu yonseyi siyenda yokha. Imadikira lamulo lochokera ku ubongo kudzera mumtsempha. Lilime ndi kondakitala chabe, dalaivala ali kumutu.

Tayesani nokha pomwe mwakhalapo. Nenani kuti "amama", "ababa". Lilime langogona, ntchito yagwiridwa ndi milomo. N'chifukwa chake mawu amenewa ndi amene ana ambiri amayambira. Tsopano nenani "tomato", "ndalama", "nanazi". Nsonga ya lilime ikumenya kuseri kwa mano akumwamba. Nenani "agogo", "ng'ombe". Apa nsonga yapuma, chikukwera ndi kumbuyo kwa lilime. Zovuta ndi monga "tsabola", "dzira", "nsomba", pamene lilime liyenera kusiya kampata kakang'ono kuti mpweya udutse. Izi mwana amazigonjetsa mochedwa, ena mpaka atayamba sukulu, ndipo si matenda.

Mwaona pamene pagona nkhani? Mwana wathu uja "amama" sankanena. Liwu losafuna n'komwe lilime! Tikadakhala oganiza, pompo tikadadziwa kuti kachingwe n'kosalakwa.

Sindikuti lilime lomangika kulibe. Liliko. Mwa ana 100 obadwa, pakati pa 4 ndi 10 kachikopa kaja kamakhala kakafupi kapena kolimba, ndipo anyamata ndiwo amachuluka. Mwana wotere akatulutsa lilime silipitirira mlomo, nsonga yake imalowa m'kati pakati ngati yang'ambika pawiri. Vuto lake lenileni limaoneka pa bere: khanda limalephera kugwira bwino, limayamwa nthawi yaitali osakhuta, sikelo siikwera, ndipo amake nsonga za mawere zimachita zilonda. Zikatero akuchipatala amatha kukadula ndi sizasi yophitsidwa, kanthawi kochepa, atayamba aona pamene mitsempha yadutsa. Mwana wokulirapo nthawi zina amavutika kutchula bwino t, d, l kapena s. Koma kutchula mopotoka ndi kusayankhula n'komwe ndi zinthu ziwiri zosiyana. Lilime lomangika silimuletsa mwana kudziwa mawu.

Musati ndi umbuli wa ife a ku Mulanje okha. Kale ku Ulaya azamba ankasunga chikhadabo chimodzi chachitali chong'ambira kachikopa kameneka mwana akangobadwa. Ku America, komwe amadula ndi makina okwera mtengo, bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linachenjeza mu 2024 kuti ana ambiri akudulidwa popanda chifukwa chokwanira. Kulikonse kholo likada nkhawa limafuna chinthu choti lichione ndi maso, n'kuchichotsa.

Nanga mwana wathu chinam'tseka pakamwa n'chiyani? Adokotala aja anafunsa mchemwali wanga funso limodzi: "Mayi, makutu ake anayamba atulukapo mafinya?" Iye anati eya, onse awiri, kuyambira akukwawa. Amatuluka, amasiya, amayambiranso. Tinkangopukuta ndi kansalu, poti ana ambiri m'mudzi amatero.

Anatitumiza ku Gulupu, ku Blantyre, kumene kuli chipatala cha makutu, mphuno ndi kukhosi. Kumeneko anamuyeza ndi makina n'kupeza kuti tizikopa ta m'kati mwa makutu, timene timanjenjemera ngati ng'oma phokoso likafika, tinabooka mbali zonse. Ankamva ndithu, koma ngati munthu amene wamira m'madzi pa Dziwe la Nkhalamba wina akumuitana ali pamwala. Mwana amayankhula zimene wamva. Chosamva achitchula bwanji?

M'minibasi pobwerera pa msewu wa Midima tinayamba kukumbukira. Makondakitala amakuwa tsiku lonse pa Chitakale, iye osatembenuka. Amake akamuitana ali kumbuyo, osayankha. Tinkati ndi wamwano. Mbama zingapo anazilandira chifukwa cha mwano umenewu, ndipo imodzi inali yanga.

Khutu si lokhalo. Malungo aakulu aja okomola mwana, matenda oumitsa khosi, ngakhale kubanika pobadwa, zimatha kuvulaza ubongo kapena kumva, mwana n'kuchedwa kuyankhula kapena kutaya mawu amene anali nawo. Ana ena amamva bwinobwino koma ubongo wawo umakula mwa njira yake. Zonsezi lezala sichiza. Ndipo za zinenero ziwiri zija, abambo a njinga ananama. Pitani pa Limbuli mukaone tiana tikusakaniza Chichewa, Chilomwe ndi Chipwitikizi cha ku Milange potsatsa zitumbuwa.

Tsono inu amayi amene mumakhala ndi mwana kumsana kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, gwirani izi. Pofika miyezi 9 mwana azibwebweta "bababa", "mamama". Chaka chikakwana, kapena kupitirira pang'ono, liwu loyamba limveke. Pa zaka ziwiri azilumikiza mawu awiri, "amama madzi". Pa zaka zitatu kasitomala wachilendo azimva zambiri zimene akunena. Zikapanda kutero, imani kumbuyo kwake asakukuonani, mutchule dzina lake monong'ona, kenaka mokweza. Chimene mwaona mukanene kusikelo, ndipo muumirire kuti amuone m'makutu. Ndikudziwa, tsiku la kuchipatala ndi tsiku la nanazi zoola pa benchi. Ife tinataya masiku anayi ndi ndalama ya mpamba. Amene khutu lake lafa ndithu asabisidwe m'nyumba: sukulu za ana osamva ziliko, Mountain View ku Bvumbwe ndi Maryview ku Nguludi, ndipo chinenero chamanja ndi chinenero chokwanira.

Wathu anamupatsa mankhwala odonthezera, anaphunzitsa amake kuumitsa makutu ndi kuletsa madzi kulowamo posamba. Anatiuzanso kuti tiziyankhula naye maso ndi maso, pafupi, tikumutchulira chilichonse chimene wagwira. Mchemwali wanga anasandutsa benchi kalasi. Patapita miyezi itatu, kasitomala wina akutsitsa mtengo, kamnyamata kanatukula chipatso n'kukuwa kuti, "Nazi!" Msika wonse wa tomato unaimirira.

Pano ali ndi zaka zinayi. Khutu lakumanzere likadali lofooka, ndipo tikupitabe ku Gulupu. Pansi pa lilime pali chipsera. Ine amanditcha "amayume", l sanamupezebe. Sabata yatha amayi athu atamva zimenezi anayamba, "Kodi kachingwe kaja sikanamerenso?" Mchemwali wanga sanayankhe. Anangonyamula mwana wake n'kumubereka kumsana.