Ndalama za kampeni: wovota adziwe amene walipira

Kampeni imadya ndalama. Nyimbo ya chipani pa wailesi, chikwangwani chachikulu m'mbali mwa msewu wa M1, uthenga wolipiridwa pa Facebook, mafuta a magalimoto otuta anthu kupita ku msonkhano, zonsezi zimachoka m'thumba la munthu wina. Pa chisankho cha pa 16 September 2025, wofuna upulezidenti ankapereka K10 miliyoni ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC pongopereka zikalata zake, pamene mu 2019 inali K2 miliyoni. Ndalama pazokha si mlandu, chifukwa wopikisana amene sangafikitse mfundo zake ku Chitipa ndi ku Nsanje sangaweruzidwe mwachilungamo. Choopsa ndi ndalama yobisika gwero lake. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika: wamalonda amene wathira mamiliyoni m'chipani mwakachetechete angadzafune kukolola kudzera m'makontrakiti a boma, ndipo wolipira amadzakhala wokhoma msonkho.

Malamulo athu adaliwona vutoli. Ndime 40 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imalamula boma kupereka ndalama ku chipani chilichonse chimene chapeza mavoti opitirira gawo limodzi mwa magawo khumi pa chisankho cha aphungu, kuti chisadalire olemera okha. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limafuna kuti chipani chiulule kwa Mlembi wa Zipani thandizo lililonse la K1 miliyoni kapena kuposa lochokera kwa munthu, ndi la K2 miliyoni kapena kuposa lochokera ku bungwe. Limaletsanso kugawa ndalama ndi katundu pofuna kunyengerera ovota, ngakhale nsalu ndi malaya a chipani n'zololedwa. Wailesi ya MBC, poti imayendera misonkho ya tonse, iyenera kupereka mpata mofanana kwa opikisana. Koma mipata ilipo: palibe malire a ndalama zimene munthu angagwiritse ntchito pa kampeni, ndipo Mlembi wa Zipani adasankhidwa mu 2024, lamulo litakhala kale zaka zoposa zisanu.

Ena amati kuulula mayina kungaike opereka pa chiopsezo chipani chawo chikagonja. Nkhawayi ndi yomveka, koma mankhwala ake ndi kuteteza amalonda ku tsankho pogawa makontrakiti. Chinsinsi chimangopindulira wofuna kugula boma. Ena amati wosauka alandire K5,000 imene opikisana amagawa, poti voti ndi yachinsinsi. Voti ndi yachinsinsidi, koma chizolowezichi chimakweza mtengo wa mpando mpaka mphunzitsi wanzeru kapena mayi wolimbikira wopanda chuma amalephera kuima, ndipo wopambana amalowa mu ofesi ali ndi ngongole zoti abweze asanaganize za mjigo.

Choncho nzika ili ndi ntchito. Atolankhani ndi mabungwe afunse ku ofesi ya Mlembi zimene zipani zaulula. Woona ndalama zikugawidwa akadandaule ku ofesi yomweyo. Aphungu akakamizidwe kuika malire a ndalama za kampeni m'lamulo. Ndipo wopikisana akamaliza kulonjeza, ovota amufunse kumene kwachokera ndalama zimene zamubweretsa pamaso pawo.