Loya wa pa Kavalo: Maulendo a Abraham Lincoln M'madambo a Illinois

M'mwezi wa April 1837, mnyamata wina wamtali ngati mlongoti, wa zaka 28, adalowa m'mudzi wa Springfield, m'chigawo cha Illinois, atakwera kavalo wobwereka, chuma chake chonse chili m'matumba awiri olendewera pachishalo. Ndipo atafika pasitolo ya Joshua Speed nafunsa mtengo wa zofunda, adauzidwa kuti ndi madola 17, ndalama imene iye adalibe, kotero kuti mwini sitolo, pogwidwa ndi chisoni, adamuitana kuti azigona naye m'chipinda chapamwamba. Ameneyu ndiye Abraham Lincoln, amene patapita zaka 24 adadzakhala mtsogoleri wa dziko la America.

Pakhomo la sukulu sadakhalitsepo, pakuti masiku ake onse a m'kalasi, tikawaphatikiza, sakwana chaka chimodzi. Koma nzeru za malamulo adazitola yekha m'mabuku a Blackstone ndi ena amene adabwereka kwa John Todd Stuart, mnzake wa ku nkhondo ya Black Hawk ya mu 1832, kufikira adalandira chilolezo cha uloya mu 1836. Adayamba ntchito pamodzi ndi Stuart yemweyo, kenaka Stephen Logan, amene adamuphunzitsa kukonzekera mlandu mosamala, ndipo potsiriza, kuyambira 1844, William Herndon.

Masiku amenewo midzi ya ku Illinois idali yotalikirana ndi ya anthu ochepa, yosakhoza kusunga woweruza wakewake. Chifukwa chake bwalo ndilo linkalondola anthu kwawo. Kawiri pachaka, chisanu chikatha ndiponso m'nyengo yokolola, woweruza ankanyamuka ndi gulu la maloya kuzungulira dera lachisanu ndi chitatu la makhoti, limene panthawi ina lidali ndi maboma 14, ulendo wa mamailosi oposa 400 umene unkadya pafupifupi miyezi itatu. Akafika pamudzi ankazenga milandu masiku angapo, namanganso akatundu kulinga kwina.

Adati akuluakulu, walira mvula walira matope. Ndipo wofuna uloya m'dziko limenelo ankalandira matope enieni, amene ankameza miyendo ya akavalo ndi magudumu a ngolo, kuwonjezapo mitsinje yopanda milatho. Usiku ankagona m'nyumba za alendo zodzala nsikidzi, awiriawiri pakama mmodzi, kupatula woweruza David Davis, amene chifukwa cha kukula kwa thupi lake ankamusiyira kama yekha. Anzake akamadandaula za chakudya, Lincoln sankanyinyirika. Ankayenda ndi chikwama chakutha ndi ambulera yachikale, makalata a milandu atawalonga m'chipewa chake chachitali. Madzulo ankaseketsa anthu ndi nthano mpaka nthiti kuwawa, ndipo ena akagona, iye ankayatsa kandulo nawerenga masamu a Euclid, kuti aphunzire kutsimikizira mfundo mosasiya mpata wa mtsutso.

Milandu yambiri idali yaing'ono: ngongole, malire a minda, nkhumba yosowa, mkazi woipitsiridwa mbiri. Mwini mlandu ankapeza loya wake pabwalo pomwepo, nafotokoza dandaulo lake pansi pa mtengo, mwina kutangotsala maola owerengeka kuti mlandu ulowe, ndipo malipiro ake kawirikawiri adali madola 5 kapena 10. Apa ndi pamene Lincoln adaphunzira kumvetsa msanga phata la nkhani, ndi kulankhula ndi alimi 12 ogamula mlandu m'chinenero chawo cha kumunda. Koma chodabwitsa n'chakuti munthu wodyera milandu ameneyu ankalangiza maloya anzake kuti azikhala ngati ankhoswe, kuyanjanitsa anansi asanafike pabwalo, popeza wopambana mlandu nthawi zambiri amatuluka ataluza ndalama ndi nthawi.

Mlandu wake womveka koposa udazengedwa ku Beardstown mu May 1858. Duff Armstrong, mwana wa malemu Jack Armstrong, bwenzi lakale la Lincoln, adaimbidwa mlandu wakupha munthu usiku. Ndipo mboni, Charles Allen, idalumbira kuti idaona zonse bwinobwino pakuti mwezi udali kuwala pamwamba. Lincoln adaifunsa modekha, kubwerezabwereza, kufikira mboniyo idadzimanga yokha ndi mawu ake. Pamenepo adatulutsa buku la kalendala losonyeza kayendedwe ka mwezi, naonetsa bwalo kuti pa ola limenelo mwezi udali utapendeka, uli pafupi kulowa. Mnyamatayo adamasulidwa, ndipo kwa mayi wake Hannah, amene kale ankamupatsa Lincoln chakudya Lincolnyo ali mnyamata wosauka, sadalandire ngakhale khobidi.

Tisamuyese woyera wopanda banga, pakuti mu 1847 adaimirira Robert Matson, mwini akapolo, amene ankafuna kubweza mayi wina ndi ana ake ku ukapolo, mlandu umene, mwa chisomo cha Mulungu, adagonja. Ndipo adatumikiranso makampani olemera a njanji, monga Illinois Central, imene adachita kuisumira kuti imulipire madola 5,000 ake.

Komabe mwambi uja wakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata, udapherezera pa iye, chifukwa m'midzi yonse imene adapondamo adasiyamo mbiri ya munthu woona mtima. Ndipo pamene chipani cha Republican chidasonkhana ku Chicago mu 1860, Davis yemwe uja, pamodzi ndi maloya amene adasambira nawo matope, ndiwo adamumenyera nkhondo kufikira adasankhidwa kuimira chipanicho pachisankho cha mtsogoleri wa dziko. Mu February 1861, potsazika Herndon kuti akayambe ntchito ya utsogoleri wa dziko, adamupempha kuti chikwangwani cha maina awo awiri achisiye chilendewere pakhomo la ofesi, pakuti akakhala ndi moyo adzabwera kudzapitiriza ntchito monga kale. Chikwangwanicho chidadikira, koma mwini wake adabwerera ku Springfield mu May 1865 ali m'bokosi la maliro.