Kuphunzira Kuyendetsa Ndege Uli Khale M'nyumba

Anzanga ambiri pano pasukulu akhala akundifunsa za ndege imene ndimayendetsa pa laputopu masiku a tchuthi. Ena afuna kudziwa ngati ndi masewera chabe, ena afunsa ngati munthu angaphunziredi ntchito ya woyendetsa ndege ali m'nyumba ya makolo ake kuno ku Namitete. Popeza akonzi a magazini ino andipatsa malo, ndifuna kuyankha onse pamodzi. Ndifotokozanso za zipangizo zowongolera, pakuti pa nkhani imeneyi ine ndinatayapo ndalama, ndipo sindifuna kuti mnzanga wina atayenso zake.

Poyamba tidziwe kuti nzeru yoyeserera kuuluka uli pansi si yatsopano. M'chaka cha 1929 mnyamata wina wa ku Binghamton, m'dziko la America, dzina lake Edwin Link, anapanga bokosi lokhala ndi mpando ndi zowongolera za ndege. Bambo ake anali ndi fakitale ya malimba aakulu, ndipo iye anatenga mivukuto yopopera mpweya m'malimbamo kuti izipendeketsa bokosilo monga ipendekera ndege. Poyamba anthu analiyesa choseweretsa. Koma m'chaka cha 1934 asilikali a ku America amene anapatsidwa ntchito yonyamula makalata pa ndege anachita ngozi zambiri pouluka usiku ndi m'mitambo, ndipo akuluakulu awo anagula mabokosi 6 a Link. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse oyendetsa ndege ochuluka zedi anaphunzirira m'mabokosi amenewa. Lero makampani a ndege ali ndi makina aakulu otere, otchedwa simulator, ndipo ngakhale kaputeni wa zaka zambiri pantchito amalowamo nthawi ndi nthawi kukayesedwa.

Chimene ine ndili nacho ndi mdzukulu wamng'ono wa bokosi lija: pulogalamu ya pa kompyuta. Mapulogalamu odziwika alipo atatu. Microsoft Flight Simulator inayamba mu 1982, ndipo imene inatuluka mu 2020 imaonetsa dziko mokongola kwambiri, koma ifuna kompyuta yamphamvu ndi intaneti yambiri. X-Plane inayamba mu 1995, nayonso ndi yogula. Yachitatu ndi FlightGear, imene inatuluka mu 1997. Iyi ndi yaulere, imapangidwa ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana, ndipo ukatsitsa mapu a dera lako kamodzi ungathe kuuluka popanda intaneti. Laputopu yanga ndi yakale, anandisiyira atsibweni anga amene amagwira ntchito m'tauni, motero ndinasankha FlightGear. Ndege imene ndimaphunzirira ndi Cessna 172, yaing'ono ya mipando inayi ndi injini imodzi, imene sukulu zambiri zophunzitsa kuyendetsa ndege zimayambitsira ophunzira awo.

Tisanakambe zogula, tiyenera kumvetsa zinthu zinayi zimene woyendetsa ndege amalamula. Choyamba ndi kukweza kapena kutsitsa mphuno ya ndege. Akakoka chiwongolero kwa iye mwini, tizitseko ta kumchira timatukuka ndipo mphuno imakwera. Chachiwiri ndi kupendeketsa mapiko. Akakankhira chiwongolero kumanja, phiko lamanja limatsika, lamanzere limakwera, ndipo ndege imayamba kukhota. Chachitatu ndi kutembenuza mphuno kumanja kapena kumanzere ndi chipsepse choimirira cha kumchira, chotchedwa rudder, chimene amachiwongolera ndi mapazi pa zopondera ziwiri. Chachinayi ndi mphamvu ya injini, imene amaionjeza kapena kuichepetsa ndi kachitsulo kotchedwa throttle. Chipangizo chilichonse chimene munthu angagule chiyenera kuyesedwa pa zinthu zinayi zimenezi.

Ine ndinayamba ndi kiyibodi yokha, ndipo ndinagwetsa ndege kosawerengeka. Vuto la kiyibodi ndi lakuti batani limadziwa zinthu ziwiri zokha, kudinidwa ndi kusadinidwa, pamene ndege ifuna kuikhudza pang'onopang'ono. Kuli ngati kuthira mchere m'ndiwo ndi fosholo. Kenaka ndinazindikira kuti mu FlightGear mausi ingathe kugwira ntchito ya chiwongolero, ndipo zinthu zinayamba kuyenda bwinoko.

Tsono mtima unayamba kulakalaka chipangizo chenicheni. Pa tchuthi china ndinagulitsa soya wa m'kamunda kanga, n'kukwera minibasi kupita m'tauni osauza munthu. Kumeneko ndinapeza munthu wina akugulitsa joystick yogwiritsidwapo kale ntchito, yakuda, yonyezimira, ya mabatani ambirimbiri. Sindinaiyese, ndinangolipira. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti ndege ikugwedezeka yokha ndi kupendekera mbali imodzi ngakhale dzanja langa lisanakhudze kanthu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama ya soya wa chaka chonse inapita, ndipo mayi anga sanandikalipire, anangondifunsa kuti, "Nanga nsapato zija munkanena mugula ndi chiyani?" Funso limenelo linandipweteka kuposa ndodo.

Sukulu itatsegulidwa ndinapita nayo kwa aphunzitsi athu a Physics. Iwo anaimasula nandionetsa kachipangizo kam'kati kotchedwa potentiometer, kamene tinaphunzira kale m'kalasi. Kameneka kamayeza kuyenda kwa ndodo mwa kukhulana kwa kachitsulo pa kanjira ka kaboni, ndipo kanjirako kakatha kapena kakalowa fumbi, kompyuta imalandira uthenga wabodza. Anandiuzanso kuti zipangizo zina, monga Thrustmaster T.16000M, zimayeza ndi maginito popanda kukhulana, motero sizitha msanga. Pomaliza anandipatsa mafunso atatu oti ndidzifunse ndisanagulenso. Ndiwalemba pano monga ndinawamvera.

Funso loyamba: kodi ufuna kuphunzira ndege yanji? Cessna 172 ndi ndege za Boeing zili ndi chiwongolero cha nyanga ziwiri chotchedwa yoke, chimene umachikoka, kuchikankha ndi kuchipotoza. Ndege za Airbus, monga A320, zili ndi kandodo kakafupi pambali pa mpando. Ndege zina zazing'ono zili ndi ndodo pakati pa miyendo. Munthu amene akudziwa kale kuti adzaphunzira pa Cessna angapindule ndi yoke, koma yoke yabwino, mukaphatikiza mtengo wotumizira kuchokera kunja ndi msonkho, ndi ya ndalama zambiri kwa mwana wa sukulu, ndiponso ifuna tebulo lolimba lomangirirapo. Joystick ndi yotsika mtengo, imalowa m'chikwama, ndipo phunziro lalikulu, lakuti kukoka n'kukweza mphuno, ndi limodzimodzi pa zonse ziwiri.

Funso lachiwiri: kodi rudder udzaiwongolera ndi chiyani? Apa m'pamene ambiri amaiwala. Ndege ya injini imodzi ikamathamanga kuti inyamuke imakokera kumanzere chifukwa cha kuzungulira kwa chopetera mphepo chakutsogolo, ndipo woyendetsa amayenera kuponda chopondera chamanja kuti ikhale pakati pa msewu wake. Zopondera zenizeni zimagulitsidwa pazokha ndipo n'zodula. Koma joystick zina, monga Logitech Extreme 3D Pro, zimapotokola ngati munthu akufinya nsalu, ndipo kupotokolako kumalowa m'malo mwa mapazi. Si chizolowezi cha m'ndege yeniyeni, koma n'kwabwino kuposa kulola kompyuta kuti izikuchitira yokha, pakuti ukatero sudzadziwa n'komwe kuti ntchito imeneyi ilipo.

Funso lachitatu: kodi chili ndi throttle yotsetsereka ndi mabatani okwanira? Mabatani makumi awiri alibe ntchito. Ofunika ndi ochepa: a mabuleki, a tizitseko ta kumapiko totsitsa pokatera, awiri a trim, amene amachotsa kulemera kwa chiwongolero kuti ndege iziyenda mowongoka popanda kulimbana nayo, ndi kabatani ka pamwamba koyang'anira uku ndi uku. Ndipo chipangizo chakale chilichonse uchilumikize ku kompyuta usanalipire, utsegule tsamba loyesera, uone ngati kachizindikiro kakhala bata pakati ukachotsa dzanja. Safunsa anadya phula.

Patapita miyezi atsibweni anandipezera joystick yopotokola ija, ndipo m'pamene ndinayamba kuphunzira mwadongosolo. Ndimayambira pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, limene linatsegulidwa mu 1983 kulowa m'malo mwa bwalo lakale la pa Airwing, paja timadutsa tikamapita m'tauni. Msewu wa ndege wa pa Kamuzu uli ndi manambala 14 ndi 32 kumathero ake. Manambalawa ndi a kampasi: 14 atanthauza madigiri pafupifupi 140, chakumwera kum'mawa, ndipo 32 ndi 320, mbali yotsutsana nayo. Woyendetsa amasankha mbali yoyang'anana ndi mphepo. Ndimawerenga mndandanda wa zoyendera ndisanalize injini, ndimakankha throttle yonse, ndipo liwiro likafika ma knot 55, amene ndi makilomita pafupifupi 100 pa ola, ndimakoka pang'ono. Ndikakwera ndimazungulira bwalo m'mbali zinayi n'kubwera kudzatera pa liwiro la ma knot pafupifupi 65. Ndimabwereza zimenezi kasanu kapena kasanu n'kamodzi, mpaka batire la laputopu litachenjeza.

Pali chinthu china chimene Geography ndi Physics zinakumanirana. Bwalo la Kamuzu lili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yaikulu. Pamalo okwera mpweya ndi wopepuka, ndipo kukatentha, monga mu Okutobala, umapepukiratu. Motero injini imachepa mphamvu ndipo mapiko amafuna kuthamanga mtunda wautali asananyamule ndege. Ndinayesa kusintha nyengo mu pulogalamu, m'mawa wozizira wa Juni ndi masana a Okutobala, ndipo ndinaona ndi maso anga kusiyana kwake.

Ulendo umene ndimaukonda ndi wobwera kwathu. Ndimajambula mzere pa mapu kuchokera ku Lumbadzi kulowera kumadzulo chakumwera, ndimayeza mtunda ndi rula, n'kuwerengera nthawi. Pa liwiro la ma knot 100 ulendowu sukwana mphindi 20. Ndikaona msewu wa ku Mchinji ndimautsata, mapiri a Dzalanyama ali chakumanzere patali. Mng'ono wanga anandipempha tsiku lina kuti nditere pa Chileka, ndipo ndinavutika kumufotokozera kuti bwalo la ndege lili ku Chileka wa ku Blantyre, osati Chileka wathu uyu wa pa msewu wa Mchinji.

Tsono ndiyenera kunena zoona pa malire a zinthu zimenezi, kuopa kuti wina angadzitche woyendetsa ndege asanakwere n'komwe. Mpando wa kunyumba sugwedezeka. Thupi silimva kulemera pokhota, ndipo dzanja silimva mphepo ikukankha chiwongolero, pakuti m'kati mwa joystick muli sipuling'i chabe. Ndiponso pali chizolowezi choipa chimene chimagwira ife ophunzira tokha, choyang'anitsitsa mawotchi a m'ndege m'malo moyang'ana kunja, pamene wophunzira woyamba amayenera kuyang'ana kwambiri pamene thambo lakumana ndi dziko. Maola a pa laputopu sawerengedwa pa chiphaso cha woyendetsa ndege; chiphaso chifuna sukulu yovomerezeka, mphunzitsi, mayeso ndi kupimidwa ndi dokotala. Chimene pulogalamu imaphunzitsa bwino ndi mutu: dongosolo la zochita, kuwerenga mawotchi, kugwiritsa ntchito mapu ndi kampasi, ndi kusachita phuma zinthu zikavuta. Pa zimenezi joystick yotsika mtengo yogwira bwino ikwanira, malinga munthu azichita zinthu m'ndondomeko yake tsiku lililonse.

Kwa atsikana amene aganiza kuti nkhani ino si yawo, ndikumbutse kuti m'chaka cha 2016 mayi Yolanda Kaunda anakhala mkazi woyamba wa ku Malawi kufika pa udindo wa kaputeni wa ndege. Ndipo kwa tonse, anyamata ndi atsikana, khomo lake ndi lomwe tili nalo kale m'kalasi: Masamu owerengera nthawi ndi mafuta, Physics, Geography, ndi Chingerezi, chimene oyendetsa ndege za pakati pa maiko amalankhulira pa wailesi.

Amene afuna kuyesa asathamangire kugula kanthu. Ayambe ndi FlightGear ndi mausi kwa mwezi wathunthu, aone ngati mtima ukhalabe pomwepo. Akafuna thandizo andipeze Loweruka madzulo tikatha ntchito za panja. Joystick yakufa ija ndikali nayo m'bokosi langa, ndipo ndidzayamba kumuonetsa imeneyo.

Wophunzira wa Fomu 3