Lamya ndi Buku Pakati pa Amai Oluka ku Chipata

Mwezi wa June ukayandikira, amai a ku Kapata mu Chipata amatola singano ndi ulusi kuti alukire ana a sukulu majuzi. Kale kalukidwe katsopano anali kukapeza m'mabuku, monga obwereka ku laibulale ya Zambia Library Service, bungwe limene linayamba mu 1962. Lero ambiri angotsegula YouTube pa lamya, napenyerera manja a mphunzitsi alikuluka.

Koma lamya ikudya ndalama za mabandulo, ndiponso ifuna malaiti. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kuzima maola ambiri, ndipo lamya zambiri zinagona. Amene anasunga buku, ngakhale lothothoka masamba, anapitiriza kuluka pakhonde.