Musataye mthuthuthu wakale, ku Neno ukadali ndi ntchito

Amene adafikako ku Neno m'nyengo ya dzinja safunika kumuuza kuti walira mvula walira matope. Mukangosiya tala n'kuyamba kukwera mapiri olowera kwa Dambe, galimoto yaing'ono imasanduka katundu woti mukankhe. Chikhalirecho n'kumeneko kumachokera mbatata ya kachewere, tirigu ndi manachesi zimene mavenda amazilimbirana ku Zalewa ndi ku Limbe.

Neno idakhala boma palokha mu 2003 itapatuka ku Mwanza, koma misewu yambiri yopita kumidzi ikadali yadothi. N'chifukwa chake alangizi a zaulimi ndi azaumoyo akhala akudalira njinga zamoto zazitali miyendo zija: Yamaha DT 125, Yamaha AG ndi Honda XL 125. Zina mwa izo lero zangokhala kuseli kwa nyumba, nkhuku zikuikirapo mazira. Abale, chimenechi n'chuma chikuwola.

Njingazi sizidapangidwire mzinda. Mtundu wa DT udayamba mu 1968, ndipo AG adaipangira alimi a ku Australia, n'chifukwa chake tcheni chake n'chotsekedwa kuti matope asalowe. DT 125 ili ndi gudumu lakutsogolo la mainchesi 21, lomwe limadutsa pa maenje ndi miyala pomwe njinga zakabaza zimagunda pansi.

Nanga bwanji osangogula yatsopano? Funso labwino, koma kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo. Kwa wageni wamng'ono kapena mwana wasukulu amene wangomaliza maphunziro a zaumakaniko, kudzutsa njinga yakufa ndiye njira yomwe thumba lingaipirire.

Komatu safunsa adadya phula. Musanatulutse ngakhale tambala, yambani mwaona mapepala. Nambala ya injini ndi ya felemu zifanane ndi zomwe zili m'blue book. Neno ili m'malire ndi Mozambique, ndipo njinga yolowa mozemba kapena yobedwa imagulitsidwa motchipa mokopa mtima. Mudzaikonza ndi thukuta lanu, apolisi n'kudzailanda pa rodibuloko, inu n'kutsala ndi chipewa chokha. Kenaka onani felemu. Ngati idathyokapo pakhosi n'kuwotchereredwa, isiyeni.

Vuto la ambiri ndi kuyambira penti. Njinga iwale, mpando ukutidwe, anthu aziti bwana agula yatsopano, pomwe mabuleki kulibe. Ayi ndithu. Pa zitunda za ku Neno kukwera si nkhani, nkhani ili potsika mutanyamula matumba awiri a mbatata. Ndalama yoyamba ipite ku mabuleki, mawaya ake, matayala a mano ndi masipoko. Tcheni musinthire limodzi ndi masipuloketi onse awiri, chifukwa sipuloketi yakutha imadya tcheni chatsopano msangamsanga.

Tikafika pa injini, dziwani kuti DT ndi yosiyana ndi njinga zakabaza. Injini yake ndi ya two-stroke, imatentha oyilo pamodzi ndi petulo. Ili ndi kapampu kothira oyiloyo, koma amakaniko ena adakachotsa kalekale. Mukagula yotere n'kuthira petulo yekha, pisitoni imagwira, basi ulendo wathera pomwepo. Mufunseni mwini wake bwinobwino, ndipo ngati pampu palibe, muzisakaniza oyilo wa two-stroke m'thanki nthawi zonse.

Musathamangire kumasula injini yonse ayi. Tsukani kabuleta, ikani pulagi yatsopano, chotsani mwaye umene umatseka ekizozi, ndipo chapani kasiponji kosefa mpweya n'kukadontheza oyilo pang'ono. Fumbi la m'chilimwe likalowa m'silinda limapala ngati mchenga. Nthawi zambiri njinga yomwe amati idafa imadzuka ndi zimenezi zokha. Ikakhalabe yofooka, ndiye mutengere silinda ku Blantyre akaiboole, muikemo pisitoni yokulirapo.

Pofuna kuiwonjezera mphamvu, iwalani zochotsa sailensa kuti izilira ngati mfuti. Phokoso silikweza phiri. Ikani sipuloketi yakumbuyo ya mano ochulukirapo. Liwiro lichepa koma ikoka katundu pachitunda. Wotcherani keliyala yolimba ndipo konzani nyali, poti odwala sasankha nthawi yopitira ku chipatala cha Lisungwi kapena cha pa boma.

Sitikubisireni, mavuto alipo. Two-stroke imamwa petulo kuposa njinga za ku China, ndipo amene adagona pa mizere ya mafuta mu 2022 ndi 2024 akudziwa kuwawa kwake. Sipeyala zabodza nazo zadzaza m'misika. Za injini gulani zenizeni ngakhale zidule. Zokongoletsa ndiye mungatole zakale ku Ndirande. Amene ntchito yake ndi kabaza wa m'tauni, njingayi si yake. Koma wokapikula mbewu kumapiri, ayiganizire.

Mawu athu apite kwa akuluakulu. Boma ndi mabungwe ali ndi njinga zakutha zimene zikuchita dzimbiri kuseli kwa maofesi. Zigulitseni poyera, pa okushoni yolengezedwa, mapepala ake ali m'manja, osati kumangogawana mwachinsinsi. A TEVETA nawonso aonetsetse kuti anyamata ndi atsikana a ku Neno akuphunzira kukonza njingazi komweko, kuti pulagi yokha isamapititse munthu ku Mwanza.

Kwa inu okonza, tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Mwezi uno mabuleki, wamawa tcheni, penti pamapeto penipeni. Ndipo mukamaliza, chonde lipirani inshuwalansi, tengani laisensi, valani chipewa. Mutu ulibe sipeyala ku Limbe.